Thunthu la Nthochi M'dzenje la Ayunivesite

A Nedson analowa yunivesite mano atatsala owerengeka m'kamwa, ndipo sanakwere ngakhale minibasi. Yunivesiteyo ndi imene inawapeza pamunda wa akazi awo.

Munali m'mwezi wa Julaye, chimanga chili m'nkhokwe, fodya atapita kale kumsika, mbuzi ndi nkhumba zikungoyendayenda m'minda ngati alendo a ukwati. Kunabwera lole n'kudzaima m'munsi mwa kaphiri ka Msekeni, kuseri kwa Malomo uko. Munatsika anyamata ndi atsikana a zipewa zikuluzikulu, ndowa, masefa, zingwe, kenako mayi wamfupi wa nsapato za jombo amene onse ankamutchula kuti a Dokotala. Dzina lawo linali Modesta Kamtedza. Tsiku loyambalo amayi ena anathamangirako ndi ana otentha thupi, n'kubwerera nawo ali chitenthere, chifukwa udokotala wake sunali wa jakisoni. Unali wofukula zakale.

Kumtunda kwa munda wa a Marita, akazi awo a Nedson, khasu limatukula mapale ndi timiyala takuda tolemera modabwitsa. Anthu ankangoziponya m'malire n'kupitiriza kulima. A Dokotala anati zimenezo anazisiya anthu amene ankasungunula chitsulo pamenepo makolo a makolo athu asanabadwe, ndipo ana asukuluwo anabwera kudzaphunzira kuzifukula. Anapempha kuboma, anapempha kwa amfumu, anapemphanso kwa a Filipo, mlongo wawo wa a Marita, amene ndiye mwini mbumba. A Nedson sanafunsidwe kanthu. Iwo kwawo ndi ku Bowe, ku Dowa. Ku Msekeni anabwera chikamwini tsitsi likadali lakuda bii, ndipo ngakhale linachita kuyerera pomwepo, pa nkhani za malo anthu ankawalambalala ngati chitsa. Ankakumbukiridwa pakagwa maliro, poti anali mmodzi wa adzukulu, aja okumba manda, ndipo khasu lawo linkawongola khoma la dzenje ngati la nyumba ya abambo mfumu.

Mmawa uliwonse, asanakwere kokakumba, ana asukuluwo ankakhala pansi pa mkuyu kumvera a Dokotala akulankhula, Chingerezi pang'ono, Chichewa pang'ono. A Nedson anadutsa pamenepo akusaka mbuzi yawo. Anaima. A Dokotala anali atanyamula phale, akulitembenuza, akuonetsa pamene panadinda chala cha mayi amene anaumba mphikawo. A Nedson anayang'ana chala chawo. Mbuzi inabwerera yokha kunyumba, iwo anafika pambuyo pake.

Mawa lake anatulukira atavala jekete ya Lamulungu, kampando kali m'khwapa.

"Agogo, mwasochera?" anafunsa Blessed, mtsikana wamtali wa magalasi amene ankakhala kutsogolo nthawi zonse.

"Unaona kuti munthu wosochera atanyamula mpando, mwanawe?"

A Dokotala anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kujekete. Anawafunsa za sukulu. A Nedson anati anaisiyira sitandade 3, malume awo atagula ng'ombe zofuna wozidyetsa.

"Kukhala nafe mutha kukhala, bambo," anatero a Dokotala. "Kusukulu kwathu timalola munthu kumvera nawo maphunziro. Koma mayeso simudzalemba, pepala simudzalandira."

"Pepala ndikapita nalo kuti ine? Petulo woyera safunsa satifiketi."

"Chabwino. Koma lamulo langa ndi limodzi, ndipo ana awa akulidziwa. M'dzenje simulowa kanthu kochokera kunja. Kaya makoko a mtedza, kaya ndudu, kaya madzi akumwa. Zili pansipo zakhala zokha zaka mazanamazana. Mukazisakaniza ndi za lero, zimayamba kunama. Wophwanya lamuloli amakwera lole n'kubwerera kwawo."

"Ine ndimagona apa pomwepa."

"Ndiye ulendo wanu udzakhala waufupi."

Kakumbidwe kake kanawatopetsa mtima masiku oyamba. Anawo anakhoma misomali, kumangapo zingwe, n'kuyamba kupala dothi ndi kachitsulo konga kaja omanga nyumba amapakira matope. Akapala, asese ndi bulashi. Akasesa, ajambule. Akajambula, akhale pansi n'kumaliyang'ana dothilo ngati lilankhula. Lililonse lotuluka m'dzenje linkapita pa sefa. Dzenje loti adzukulu akanalimaliza phala lisanapse, awa analitenga ngati munda wa chaka chonse.

"Madala, pang'onopang'ono," ankatero Frank, mnyamata wina wa nthabwala zosatha, akaona a Nedson ayamba kupala mwamphamvu. "Palibe akutidikira pano."

Koma m'kupita kwa masiku maso awo anayamba kuona. Khoma la dzenje linali ndi mizere: pamwamba dothi lakuda la makasu a lero, pansi pake lofiira, pansi pakenso phulusa. A Dokotala ankaloza mzere n'kufunsa aliyense payekhapayekha.

"A Nedson, inu mukuona chiyani apa?"

Ulendo woyamba anacheuka kumbuyo, kuyesa kuti pali Nedson wina. Kenako anayankha kuti panali mzati wa nyumba. Blessed anapalapo pang'ono n'kuonetsa kuti inali njira ya chiswe. A Nedson analakwa pagulu, ana akuona, koma anatsika phiri akuimba mluzu, mpweya ukutulukira m'mipata yonse. Chibwerereni ku Msekeni palibe anali atawafunsapo zimene akuona.

"Lero mwaphunzira chiyani, abambo a Thoko?" anafunsa a Marita akusola mtedza pakhonde.

"Kuti dothi lapansi ndi lakale kuposa lapamwamba."

"Mwachita kuvalira jekete zimenezo?"

Dzenje litafika m'maondo, makoma ake anayamba kupindika ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. A Dokotala anadandaula kuti mizere siikuoneka bwino. A Nedson anapempha kachitsulo. Apa ndiye dzanja lawo linakumbukira ntchito yake. Anawongola khoma lino, khoma ilo, ngodya zonse zinayi kuti thii, ndipo a Dokotala anaitana kalasi yonse kudzaona. A Nedson anaima pambali, manja kumbuyo, akuyang'ana mitambo ngati sakumva.

Vuto lake linaonekera tsiku lomwelo. M'litali mwa dzenjelo munthu wamkulu akanagonamo osapinda miyendo. M'lifupi mwake akanakwanamo mapewa, n'kutsala pang'ono. Pambali panali mulu wa dothi lofiira, ndipo amuna ankalowamo mosinthana. Amayi ena ochokera ku nkhuni atafika pamenepo anatula mitolo, nagwada chapatali.

"Pepani kuno," anatero mmodzi motsitsa mawu. "Watisiya ndani?"

Ana asukulu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayiwo sanaseke. Anasenza nkhuni zawo n'kutsika, ndipo nkhani inafika kumudzi iwo asanatule.

A Filipo anali atayamba kutsokomola kuyambira kuzizira kwa Juni. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti azivala juzi, koma iwo ankaona kuti matenda awo ndi aakulu kuposa juzi. Madzulo a tsikulo, ana asukulu atatsikira ku pulaimale kumene ankagona, a Filipo anakwera phiri ndi ndodo, akupumira panjira. Anapeza a Nedson akufunditsa dzenje ndi chipepala cha pulasitiki.

"Tavundukulani, alamu."

A Nedson anavundukula. A Filipo anayenda kumutu, anayenda kumiyendo, anasuzumira. Anali munthu wamtali.

"Munandiyeza liti?"

"Alamu, si manda awa. Ndi sukulu."

"Sukulu yanji yondikwana ndendende chonchi? Ndipo makomawa ndikuwadziwa. Ndi omwe aja munawakumbira amayi."

"Anayeza ndi a Dokotala, ndi tepi. Ine ndangowongola."

"Eya, mwawongola. Pamalo athu, m'banja mwathu wamkulu ndine, chifuwa ndili nacho ine. Likamagona kukamwa kuli yasa usiku wonse, likuitana ndani? Mbuzi?"

Kwathu kuno manda akakumbidwa sagona opanda kanthu. Zikachitika kuti maliro asamukira kwina dzenje litakumbidwa kale, adzukulu amagonekamo thunthu la nthochi, kuti dzenjelo lisasake munthu. A Nedson ankazidziwa bwino, poti anazichitapo ndi manja awo.

"Koma inu si wamkulu wa mphakati kutchalitchi inu?" anatero. "Lamulungu mumawerenga mawu kutsogolo. Za nthochi mumazikhulupirira?"

"Ine sindizikhulupirira. Koma chifuwachi sichinaphunzire katekisimu." Anatsokomola kuti umboni umveke. "Mumve, alamu. Kaya mulikwirira, kaya muzigonekamo nthochi. Kupanda apo ndikawauza anyamule zingwe zawo. Malowa ndinawabwereka ndi pakamwa, ndiwalandanso ndi pakamwa pomwepa."

Kunyumba a Marita anali atamva kale.

"Achimwene akangotsinzina, anthu sadzati ndi chifuwa," anatero. "Adzati mkamwini wa ku Bowe anakumbira mlamu wake manda ali moyo. Mukamuuze bwana wanuyo zimene zikufunika."

"Si bwana, ndi aphunzitsi."

"Kaya ndi sisitere. Mukawauze."

Mmawa mwake a Nedson anapita ku mkuyu mawu atawakonza bwinobwino. Anapeza Frank atadzikulunga chitenje cha Blessed, atagwada, akuyerekeza mawu a mayi wadzulo uja. "Pepani kunoo, watisiya ndanii?" Kalasi yonse inali m'misozi ndi phwete. Ngakhale a Dokotala anabisa pakamwa ndi dzanja asanamuletse.

Phunziro litatha anafunsa ngati pali mafunso. A Nedson anakweza mkono. Maso onse anatembenukira kwa iwo. Anaona kuti akangotchula nthochi, asiya kukhala mnzawo wa anawa. Asanduka nkhalamba ya pamudzi, imodzi mwa zinthu zakale zimene lole inabwerera.

"Inde, a Nedson?"

"Ndimati ndifunse... anthu akalewo, chitsulocho ankachidziwa bwanji kuti chapsa?"

"Funso labwino kwambiri," anatero a Dokotala, ndipo analiyankha mpaka dzuwa kukwera.

Ndiye a Nedson anaganiza nzeru yoti aliyense apeze zake. Kuseri kwa nyumba yawo kunali nthochi zambiri. Anadula thunthu limodzi, lalitali ngati mwana wa sitandade 8, nalibisa m'tchire pafupi ndi dzenje. Anadzipereka kuti ntchito yofunditsa chipepala madzulo ndi kuvundukula mmawa ikhale yawo, poti amakhala pafupi. Ana akatsika, iwo ankayala thumba la feteleza pansi pa dzenje kuti madzi a nthochi asadonthere dothi, kugoneka thunthu pathumbapo, kufunditsa chipepala, kutsindira miyala m'mbali. Kukangocha, ankalitulutsa, kupinda thumba, kusesa ndi bulashi mapazi awo onse. Lamulo linkaphwanyika dzuwa likalowa n'kulumikizika dzuwa lisanatuluke.

A Filipo anakwera kamodzi kudzaona. Anasuzumira pansi pa chipepala, nagwedeza mutu.

"Lafupika pang'ono, koma likwana."

Chifuwa chinayamba kuchepa. Pofika kumapeto kwa sabata anamveka akukalipira mbuzi ndi mawu awo onse. A Dokotala nawonso ankauza ana asukulu kuti atengere chitsanzo kwa a Nedson, amene amafika aliyense asanasukusule. A Nedson ankalandira mayamiko a mbali zonse ziwiri ndi nkhope imodzimodzi.

Dzenje litafika m'chiuno, zinthu zinayamba kutuluka. Panaoneka mkombero wa dothi lowotchedwa, lolimba ngati njerwa. A Dokotala anagwada, chipewa chinagwa, osachitola. Anati limenelo linali tsinde la ng'anjo yosungunulira chitsulo. M'mbali mwake munali timapaipi ta dothi tomwe mpweya wa mvukuto unkadzera, tili m'malo mwake momwe mwini wake anatisiyira. Pansi pake panali makala. Makalawo, anatero a Dokotala, akatoledwa mosamala osakhudzana ndi kanthu ka lero, amakayezedwa ndi makina n'kunena zaka za ng'anjoyo.

"Makala kunena zaka?" anafunsa a Nedson.

"Amanena, bambo, bola asasokonezedwe. Lero ndi Lachisanu, dzuwa lapita. Tidzawatola Lolemba, maso ali atsopano. Ndipo woyamba kutola mudzakhala inu ndi Blessed."

Madzulo amenewo thunthu lakale linali litafota, likununkha. A Nedson anaona kuti ng'anjo ya ulemu wotere siyenera kugona ndi chinthu chowola. Anadula latsopano, lonenepa, lamadzi, nalikoka kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kuphiri. Analigoneka kumbali, kutali ndi timapaipi, thumba lili pansi monga mwa masiku onse. Loweruka kunalibe kalasi. Ana anapita ku Malomo kukatchaja mafoni ndi kudya tchipisi. A Nedson anati thunthu lipumule momwemo. Lamulungu anapita ku Misa, ndipo a Filipo anawerenga mawu osatsokomola ngakhale kamodzi.

Tsono pali chinthu chimene mwana aliyense wa ku Msekeni amadziwa. Nyengo yachilimwe, msipu ukauma, amayi amadula mathunthu a nthochi, kuwaduladula, kusakaniza ndi madeya, n'kupatsa nkhumba. A Marita anali ndi chinkhumba chachikazi, chakuda, cholemera ngati thumba la feteleza ndi theka, chimene chinakulira chakudya chimenecho. Chinaona mwini nyumba akukoka chakudya chake kupita nacho kuphiri. Mutu wa a Nedson unali utadzaza zaka mazanamazana, za nkhumba munalibe malo.

Lolemba kutangocha anakwera phiri, jekete itasitidwa. Ali chapatali anaona chipepala kulibe. Atayandikira anamva kufwenthera.

Chinkhumbacho chinali m'dzenje. Chinaponda chipepala n'kugwera nacho pansi, khoma limodzi n'kuchitsatira. Chitalephera kutuluka, chinadya thunthu, ndipo chitamaliza chinayamba kufufuza ngati pali lina pansi. Dothi lakuda, lofiira, phulusa, makala, ndowe, zonse zinali phala limodzi. Timapaipi tinali zidutswazidutswa. Icho chinali chitagona pakati pa ng'anjo, mutu uli pamkombero ngati pa pilo. Chinatsegula diso limodzi, kuwazindikira, n'kulira moni.

A Nedson anatsikamo. Anachikankha kumbuyo, chinakhala pansi. Anachikoka makutu, chinakuwa phiri lonse kumva. Anachinyengerera, anachitukwana, anachitchula dzina la amake a akazi awo. Kalasi inawapeza ali momwemo, jekete ili matope okhaokha, atachikumbatira m'chiuno.

Palibe anaseka, ngakhale Frank. Anyamata anabwera ndi zingwe n'kuchitulutsa. Chinadzigwedeza, n'kutsika phiri osacheuka.

"Miyala inachepa pa chipepala," anatero Blessed. "Tikanaikapo matabwa."

"Nkhumba za kuno n'zamwano," anatero wina.

A Dokotala anatsika m'dzenje pang'onopang'ono, nayang'ana pamene panali makala. Anawerama n'kutola luzi la nthochi lotafunidwa. Anatolanso lina. Kenako anasolola m'matope thumba la feteleza long'ambika, naliyang'ana mbali zonse.

"Nkhumba siyenda ndi mphasa yake," anatero.

A Nedson anali kalikiliki kupukuta jekete. Mwina zikanathera pomwepo, poti matumba a feteleza amauluka ndi mphepo m'minda yonse. Koma m'munsi munamveka munthu akuimba nyimbo ya kwaya. Anali a Filipo, opanda ndodo, tambala ali m'khwapa. Za nkhumba anali asanamve.

"Mwadzuka bwanji nonse kuno! Mwana wanga Dokotala, ndabwera kudzathokoza. Okumba sabwerera chimanjamanja kwathu kuno, nayu tambala wanu." Anamupereka kwa Frank, amene anamulandira asanaganize. "Ndinkayesa anthu ophunzira ndi ouma mitu, koma inu ayi. Chiyambireni nthochi kugona m'dzenje mwanumu, chifuwa changa chinangoti zii."

A Nedson anatsokomola mwamphamvu.

"Chasamukira kwa inu, alamu? Musadandaule, muwonjezere thunthu lina." Apo ndi pamene anasuzumira m'dzenje. "Aa! Mwalimamo mbatata?"

A Dokotala anatuluka, napukuta manja pa thalauza. Anauza ana kuti anyamule zingwe ndi ndowa akwere kumtunda, pafupi ndi nsonga ya phiri, kumene anaonako mapale ena. Anawo anapita mwakachetechete, tambala yekha akulankhula. A Filipo anaona kuti mphepo yasintha, napita kukayang'ana mtengo wina umene unalibe chilichonse chofuna kuyang'anidwa.

"Kuyambira liti?" anafunsa a Dokotala.

"Kuyambira tsiku lija amayi anagwada. Ndimayala thumba. Mmawa ndimachotsa, ndimasesa."

"Ndaona kuti mumasesa bwino. Sindinadziwe kanthu." Anakhala pa mulu wa dothi. "Bambo, ine ndinabadwira ku Mponela. Agogo anga anaikidwa ndi adzukulu ngati inu nomwe. Za nthochi sindinazimvere m'buku. Mukanandiuza, tikanayala matabwa pamwamba, thunthu lanu n'kumagona pamatabwapo. Kapena tikanalikulitsa dzenjeli mbali imodzi kuti lisiye kuoneka ngati manda. Inali ntchito ya mmawa umodzi."

"Ndinakweza mkono tsiku lija."

"Munafunsa za chitsulo."

"Anali akuseka."

"Akanasekadi. Pofika nkhomaliro akanaiwala." Analoza m'dzenje ndi chibwano. "Ng'anjo iyi ndiye sibwerera. Inadikira zaka zonsezo kuti wina adzaifunse, ndipo tinatsala ndi mmawa umodzi."

A Nedson anayang'ana m'dzenjemo. Anayesa kupeza mzere ngakhale umodzi pakhoma lotsala. Unalipo, wa phulusa, koma unkathera m'malere, pamene nkhumba inadzikanda msana.

"Ndiye kalasi?" anafunsa.

"Lamulo ndinalinena pamaso pa ana aja. Ndikakusiyani inu, mawa Frank akataya ndudu m'dzenje ndidzamuuza chiyani? Ku mkuyu musabwerenso. Kumtunda kumene tikupitaku musakwereko."

A Nedson anavula chipewa, nachivalanso. Anafunsa ngati dzenjelo alikwirire, poti imeneyo ndiye ntchito imene ankaidziwa bwino.

"Ayi. Dothi lonse losakanikirali liyenera kudutsa pa sefa, zidutswa zonse za timapaipi zitoledwe. Sizinenanso zaka, koma sitingazisiye m'ndowe. Ine anthu ochita zimenezo ndilibe, masiku atithera."

"Ndilipo ine."

A Dokotala anadzuka pa mulu wa dothi paja.

"Mumve bwino. Imeneyi si kalasi. Mukukonza zimene mwawononga. Palibe adzabwere kudzakuphunzitsani kanthu pano. Zimene mwapeza muziika mu ndowa, Blessed azidzatenga madzulo."

Anasiya sefa imodzi ndi ndowa ziwiri, n'kukwera kutsatira ana awo.

A Marita atamva nkhaniyi anayamba apita kukhola kukaona miyendo ya nkhumba yawo. Ataona kuti yonse inayi ikuponda, anabwera kudzaona jekete. Za amuna awo anafunsa pomaliza. Tambala uja anadyedwa ku pulaimale tsiku lomwelo, ndipo akuti anali wolimba.

Mawa lake a Filipo anatulukira kudzenje nkhope ili yakugwa. Chifuwa chinali chitabwerera usiku.

"Ndamva kuti simukwirira, alamu."

"Mpaka ndimalize kusefa."

"Ndiye lizigona lopanda kanthu?"

"Nthochi zili kuseri kwa nyumba, chikwanje chili pakhonde. Mukadule nokha, munyamule nokha. Ndipo muzililondera nokha, chifukwa nkhumba ya mlongo wanu njira yaidziwa."

Anakangana pang'ono, za ukamwini, za ukulu, za amene anayamba. Pomaliza a Filipo anapita, nabwera akukoka thunthu, akupuma ngati njinga yakutha mpweya. Analiimika pambali kudikira madzulo, nakhala pamwala ndi chibonga pamiyendo, maso ali kunjira yochokera kumudzi.

A Nedson anadzaza ndowa, kuthira pa sefa, kugwedeza. Dothi linagwa, panatsala timiyala, luzi, ndi kachidutswa ka paipi kakuda mbali imodzi. Anakapukuta ndi chala n'kukaika mu ndowa inayo. Anadzazanso.

Kumtunda kalasi inali itayamba. Mphepo ikatembenuka, mawu a a Dokotala ankatsika phiri, koma odukaduka, liwu limodzi kufika, atatu kutsalira m'mitengo. A Nedson anaimitsa sefa, napendeketsa mutu.

"Ine nkhumba imeneyi ndinanena kalekale kuti igulitsidwe," anayamba a Filipo. "Chaka chatha inalowa m'dimba mwa a Benjamini, ine ndi amene ndinakapepesa. Koma mlongo wangayo ukamuuza..."

"Alamu, tatsekani pakamwa."

A Filipo anatseka. Onse awiri anatchera makutu. Kumtunda kunamveka mawu aatali, kenako ana onse anati "Aaa!" pamodzi, ngati aona chinthu. Kenako mphepo inabwerera kwawo.

"Akuti chiyani?" ananong'ona a Filipo.

"Sindinamve."

Anadikira pang'ono. Kenako a Nedson anawerama, natola ndowa, n'kutsikanso m'dzenje.